Thendere la Mfuti Yanga

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji ku Zombako pamodzi ndi alamu? Bondo la amayi lija laphwa? Kuno kudziko la eni, ku Madaraka, tili bwino, chifuwa cha Tadala chinatha. Mtima wanga wokha ndiwo sukupeza bwino.

Mfuti yampweya ija ndimawombera chandamale kukalabu, thendere lake linkanditalikira paphewa. Ndinapempha bambo a Tadala kuti tipite nayo ku Rongai kwa mmisiri wa mfuti, amene kuno amati fundi. Iwo anati, "Amayi a Tadala, jamu ya magalimoto ya ku Rongai simukuidziwa? Ndidula ndekha." Anadula ndi sowo pakhonde, thendere n'kupendekeka. Pano ndikawombera pang'ono, phewa limawawa.

Loweruka ndinapeza Wanjiru, mtsikana wa kuofesi kwa bambo a Tadala amene wangolowa kumene kalabu, ali ndi mfuti yomukhala ngati anabadwa nayo. Nditaiyamikira, anamwetulira n'kunena kuti, "Amuna anu ndi okoma mtima. Anandiperekeza okha kwa fundi ku Rongai. Akuti mfuti imafuna mmisiri."

Achemwali, ndinaseka nawo, koma chandamale sindinachilase ngakhale kamodzi. M'galimoto nditawafunsa amuna angawo, anayankha osandiyang'ana, "Pa yanu paja m'pamene ndinaphunzira kuti ntchitoyi ndi yovuta."

Ndiye ine ndine wophunzirirapo?

Chonde amayi musawauze. Mundiyankhe mosabisa ngati ndi nsanje chabe, ndipo muzindipempherera. Loweruka likubwerali ndikwera ndekha minibasi, imene kuno amati matatu, kupita kwa fundiyo.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Naphiri