Tangogwira Apa

Wokondedwa mlongo wanga, iwe mzime wa amayi,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kakhanda kaja kanasiya kutsokomola? Kuno alamu ako ali bwino, ine ndikupuma, bambo nawonso adakali ndi miyendo yawo iwiri. Ndati "adakali" chifukwa za mawa sindikuzidziwa.

Ndalemba papepala dala. Ndikatha ndilijambula ndi foni ndikutumizire, chifukwa ndikamakuimbira umangoseka n'kumandidula mawu. Pepala sungalidule. Ukundidziwa, sukulu sindinapite nayo patali, ngakhale utelala ndinadziphunzitsa ndekha posula malaya ako, ndiye mawu okometsera ndilibe. Makina oboolera khoma amene unawatumizira bambo aja atigwetsera nyumba.

Unkaganiza chiyani iwe? Munthu wagwira ntchito ku positi moyo wake wonse, chida chake chinali chidindo basi. Amayi ali moyo, babu likapsa ankakwera ndi amayi, bambo atagwira mpando. Lero ali ndi pensulo kukhutu, akuyenda m'nyumba mwanga akugogoda makoma ngati dokotala woyeza chifuwa. Anthu a mumsewu muno awapatsa dzina loti a Injiniya, iwo n'kumavomera.

Anayamba ndi shelefu. Akuti ulusi wanga ukungomwazika, andikhomera kathabwa pamwamba pa makina osokera. Ndinawauza kuti kuseri kwa khoma limenelo ndi kubafa, mukudutsa mapaipi. Amvekere n'zazing'ono izi, khoma amalimva ndi khutu. Makina oboolera aja kungolira kamodzi, madzi fwaa, kumaso kwanga.

Bambo osatekeseka n'komwe. Anangoti, "Tangogwira apa," n'kundiika chala pabowo, iwo ulendo kukatseka madzi panja. Pageti anakumana ndi ometa tsitsi a mumsewu muno, n'kuyamba kuwafotokozera mphamvu ya makina ochokera kwa mwana wawo. Ine ndili chiimire, madzi akutsika m'khwapa mpaka kumapazi, mayunifomu a anamwino amene ndinali nditangomaliza kusita akusambira pansi. Atakumbukira, anakatseka mita ya aneba. Mayi a kumeneko anatuluka ndi thovu la sopo m'mutu, ndipo zimene anatiuza sindingazilembe, mwina ana ako angawerenge.

Kenako chitseko cha kuchimbudzi. Chinkangolira pang'ono, chofuna kadontho ka mafuta a makina anga. Iwo anachizula, akuti chikukhula pansi. Anacheka, chinapendama. Anachekanso kuti awongole, chinapendamira kwina. Pano ukakhala mkatimo, wodutsa amakupatsa moni pokuzindikira mawondo. Loko anamuika kunja. Nditafunsa, akuti mpatawo ndi wolowera mpweya, nyumba zamakono zimatero. Ndinasoka kansalu kotchinga kumunsiko, ndiye alendo akabwera amawaonetsa kuti imeneyo ndi nzeru yawo.

Alamu ako ndi amene anagwira chitsekocho. Chikhadabo chawo chinada bii ndi hamala, chinachoka sabata yatha. Chiyambire pamenepo, ntchito yawachulukira modabwitsa, ngakhale Lamulungu akuti abwana awaitana. Mawu oti "tangogwira apa" akamveka, ngakhale galu amathawira kunsi kwa tebulo. Wotsala ndine, poti ntchito yanga ndi ya pakhomo.

Ndikudziwa ukuseka. Seka umalize, chifukwa izi zikubwerazi si zoseketsa.

Denga likudontha pamwamba pa bedi la bambo. Ndi kabowo ka msomali, beseni silidzaza n'komwe. Bambo akuti akwera okha akamate phula mvula isanabwerenso. Munthu wa bondo lotupa, woti akadzuka pampando mofulumira amagwira khoma chifukwa cha chizungulire. Malatawo ndi akale, pena anadyeka ndi dzimbiri, ndipo pansi pake ndi simenti. Akaterereka pamenepo sitikanena za chipatala.

Ndinaitana kalipentala. Bambo anamulandira bwino, kumupatsa mpando, kumuonetsa makina, kenako kumuperekeza mpaka pamsewu. Akuti nyumba yokhala ndi mwamuna siitana mwamuna wina. Ndinawakumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga, iwo amvekere sakufuna kulisenza, akufuna kulikwera. Makwerero ndinakawabisa kwa ometa tsitsi, n'kuwaopseza kuti akawabweza ndiwasokera thalauza la mwendo umodzi.

Dzana mtima unandikwera. Ndinawauza maso ndi maso kuti bambo mwakalamba, manja anu sadziwa ntchito imeneyi, chilichonse chimene mwagwira m'nyumba muno chafa, khalani pansi muzimvera wailesi. Ndimayesa andikalipira. Anangochotsa pensulo kukhutu, n'kunena motsitsa kuti ku positi anawauzanso zomwezo, kungoti kumeneko anawapatsa wotchi. Akuti munthu wongodya ndi kugona m'nyumba ya mkamwini ndi katundu, ndipo mwana mmodzi yekha ndi amene amaona kuti adakali ndi ntchito. Tsiku limenelo sanadye.

Mwana mmodziyo ndiwe. Ukaimba foni umati, "A Injiniya, mwakonza chiyani sabata ino?" Iwo amatupa ngati buledi, foni ikangoduka n'kuyamba kuyang'anayang'ana choti aphe. Iwe uli kutali, umangolandira zithunzi za shelefu. Chala changa pabowo palibe anakujambulira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma kuno wotsekula ndine, chitsekonso chake chodukaduka.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo sindikupempha mogwada. Ukangowerenga, aimbire. Osati madzulo, osati ukaweruka. Ine ndanena zoona, zawapweteka, ndipo sanamve. Iwe pakamwa pako mpotsekemera chibadwire, unkanamiza amayi kuti shuga wadyedwa ndi nyerere. Auze kuti injiniya weniweni sakwera denga, amaima pansi n'kumaloza ndi pensulo, anyamata ndiwo amakwera. Auze kuti kalipentala uja akufuna womuyang'anira. Makinawo usawalande, angafe ndi chisoni. Ngati n'kuboola, aziboola pansi pano. Ndiwagulira matabwa, apange kabokosi ka zidole ka mdzukulu wawo, kakapendama mwana sadziwa.

Ndinaima kaye kulemba chifukwa kuseri kumamveka hamala. Ndasuzumira pawindo. Mlongo wanga, bedi lako lija, limene umagonapo ukabwera, kulibenso. Aliphwasula. Matabwa aatali awiri awaimika kukhoma, timatabwa ta pansi pa matiresi akutikhoma mopingasa, kamodzi msomali umodzi. Chitini cha phula chili m'thumba la jekete. Ndawakuwira kuti ayembekeze foni yako, akuti ayembekeza pang'ono pokha poti kumwamba kwayamba kuda.

Mulungu akusunge, ndipo akupatse nzeru msanga kuposa mmene anachitira pogula mphatso. Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze asakulole kugwira hamala, matendawa angakhale a m'magazi. Ana uwapsompsone.

Akundiitana. Wawamva kale mawu awo aja. Ndinalumbira kuti sindidzagwiranso kanthu m'nyumba muno, koma phazi lawo lili kale pathabwa loyamba, ndipo ndikapanda kugwira ine palibe wina. Ndikangokutumizira pepalali, foni ndiyiika m'thumba la epuloni. Manja onse awiri akhala pa makwerero, koma ikalira ndiyankha ngakhale ndi chibwano.

Imba.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Telala wogwira apa