Khadi la kompyuta ya Gilford

Area 25,
Lilongwe.

Mng'ono wanga McDonald,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Mponela. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ine ndilipo, koma mtima sukukhala pansi.

Ukudziwa kuti mwana wanga Gilford popita ku Joni anandisiyira kompyuta yake, imene ana a m'dera lino amalipira kuti asewerepo mpira. Chisiyireni ntchito ya fodya ku Kanengo, ndimadyera pomwepo. Sabata yatha magetsi anabwera mwamphamvu, ndinangomva fungo la kupserera, sikilini n'kuda bii. Wokonza akuti chapsa ndi girafikisi khadi, chimene chimatulutsa zithunzi. Gilford foni yake sikupezeka.

Ndagulitsa njinga. Ku shopu ya Harun m'tauni andionetsa makhadi awiri amene ndingakwanitse. Lina ndi latsopano, la m'bokosi, la fani imodzi yoliziziritsa, koma akuti mpira umene ana akuukonda masiku ano uziyenda modukizadukiza. Lina ndi logwiritsidwapo kale ntchito, la mafani awiri, lamphamvu, koma likafa mawa palibe kubweza.

Ndinawanyamula m'manja kuyesa kulemera kwake, n'kuwanunkhiza monga tinkachitira ndi tsamba la fodya. Ogulitsa m'shopumo anaseka mpaka kugwira nthiti, ati madala akufuna kusuta khadi. Harun anandiwerengera manambala a pabokosi, ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikumva. Ndinatuluka osagula. Pano ana ayamba kupita kwa munthu wina kuseri kwa msika, akamadutsa pakhomo panga sayang'ananso n'komwe.

Sindinaiwale kuti bambo ananditulutsa Sitandade 4 kuti ndizisoka fodya m'chigafa, iwe udzafike mpaka ku sekondale. Sindinaiwalenso za pa maliro a mayi, pamene unandiuza anthu akumva kuti ndisagwire mapepala poti Chingerezi sindichidziwa. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti sindidzakupempha kanthu mpaka kufa.

Lero ndikupempha. Si ndalama ayi. Kwathu munthu sapita yekha kukagula mbuzi, amatenga mnzake wodziwa kuyang'ana mano. Nditumizire mwana wako Tadala, uja anaphunzira za makompyuta, adzayang'ane makhadiwa n'kundiuza loti nditenge. Harun wati awasunga mpaka Loweruka. Ndikasankha molakwika ndilibenso njinga ina yogulitsa, ndipo ndidzabwera kumudziko ndi chikwama chokha, kudzakhala pakhonde pako. Zimenezo sungazifune, inenso sindizifuna.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa mlongo wathu Dailesi ndi amuna ake, kwa amalume ngati akumvabe, ndi kwa adzukulu onse.

Sukulu yako ija bambo anailipira ndi fodya wosoka ine. Ndibwerekeko tsiku limodzi lokha.

Ndine mkulu wako,
Leston