Kuwerengera Bambo Buku la Nkhondo

Lolemba, 9 Juni
Buku la nkhondo yakalekale limene wandibwereka mnzanga wa pamakina oyandikana ndi anga landigwira zedi. Lero ndasokerera kolala mozondotsa kawiri, maganizo ali pa mtsikana wa m'bukumo amene akuthawa atabereka mng'ono wake. Abwana: "Maso ali pansalu kapena ali kumwamba?"

Lachitatu, 11 Juni
Bambo andimva ndikufwenthera pakhonde. "Wamwalira ndani?" Ndati palibe, ndi buku chabe. Aseka. Chichitireni khungu, wailesi yawatopetsa, ndiye akuti ndiziwawerengera ndikaweruka. Ndinakayika kaye. Anakhalapo msilikali ine ndisanabadwe, koma za kumeneko sanatiuzepo kanthu kupatula nsapato zothina.

Lachinayi, 12 Juni
Ndawawerengera mitu itatu. Tiyi wawo mpaka kuzizira, osamukhudza.

Loweruka, 14 Juni
Kaya ndilembe bwanji.

Tafika pamene asilikali akutsekera anthu m'sukulu n'kuyatsa moto. Kamng'ono ka mtsikana uja kali mkatimo. Wolemba akuti kukuwa kunamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Ndinatseka bukulo. Ndinati, "Ochita zotere si anthu, ndi zilombo."

Bambo anati: "Apo wanama wolembayo. Sakuwa nthawi yaitali, utsi umawatseka. Chimene umamva ndi kugogoda. Amagogoda chitseko bwinobwino, ngati alendo."

Ndinafunsa kuti adziwa bwanji.

"Pitiriza."

Sindinapitirize.

Lamlungu, 15 Juni
Ndaimbira foni achimwene. "Iwe, zisiye zimenezo. Munthu wakalamba uja ukufuna umutani?" Ndiye kuti iwo akudziwa? Adula. Nanga mayi, anapita kumanda akudziwa?

Mankhwala a shuga ndawapatsa nditayang'ana kumbali. Manja omwewa ndi amene ankandiluka tsitsi mayi ali m'chipatala, mokhotakhota, anzanga n'kumandiseka kusukulu.

Lolemba, 16 Juni
Sindinawawerengere. Sanafunse. Ndalimaliza ndekha m'basi, kulira ngati wopenga, mayi wina mpaka kundipatsa kampango. Mtsikana uja akupulumuka. Akukalamba akufunsa aliyense kuti anatseka chitseko ndani, palibe womuyankha.

Lachitatu, 18 Juni
Pobwera kuntchito ndawapeza atavala jekete, atakhala mowongoka ngati akudikira galimoto.

"Anatha bwanji mtsikana uja?"

Ndawauza zonse. Sindinachotsepo kanthu, mwina ndinkafuna ziwapweteke. Anangogwedeza mutu.

"Uli ndi pepala?"

Ndati lilipo.

"Tinalipo asanu ndi anayi. Enawo anafa onse, ndatsala ine. Mudzi umene ifenso tinachita zoterezi ukadalipo, mwina alipo wina amene akufunsabe." Kenako: "Loko wa pachitseko anali m'manja mwanga."

Ndinafuna kutuluka panja, koma ndinangokoka mpando. Cholembera choyamba chinakana, ndinakatenga china kuchipinda. Pobwerera ndinawapeza akupukuta zikhato pamaondo.

"Ndiyambe ndi chiyani, bambo?"

"Dzina langa. Ulembe lonse."