Mabowo a Mpweya a Nyumba ya Ababa

Mitundu,
Lilongwe.

Achimwene Ishaq,

Asalamu alaikum. Muli bwanji ku Joniko, inu ndi alamu a Najma? Kuno tikudzuka, kupatula amayi amene mwendo ukuwavutabe.

Nyumba ya malemu ababa ku Nathenje yapeza wogula. Ndi a Gilibati, amagwira ntchito kubungwe lina m'tauni. Anati asanasaine, akufuna katswiri ayeze nyumbayo, alembe papepala mmene imadyera magetsi ndi mmene imatenthera masana. Ine ndinaona ngati zachizungu chabe, komabe ndinavomera.

Lachiwiri kunabwera mayi wina, a Chimwemwe, ndi kachipangizo kawo koyezera. Anaona mababu, mawindo ndi sola, mpaka anakwera kudenga. Makoma okhuthala aja ndi khonde lalikulu anaziyamikira, nafunsa kuti anamanga ndani. Koma kuzipinda anapeza kotentha zedi. Anati wokhalamo azidzayatsa fani tsiku lonse, choncho anatilembera mlingo wotsika.

Kenaka analoza pamwamba pa khoma. "Apa panali mabowo a mpweya. Anatseka ndani?"

Achimwene, ndinatseka ndine. Chaka chimene ababa anatisiya, mileme inkalowa, ndipo ndinaitana mmisiri kuti amate onse ndi simenti. Mutabwera pa Eid n'kudandaula kuti simukugona ndi kutentha, ndinakunamizani kuti ndi nyengo. Ndinkaopa kuti munena kuti ndawononga ntchito ya manja a ababa. Mundikhululukire.

Koma musataye mtima. A Chimwemwe anati tikatsegula mabowowo, n'kuikamo waya wotchinga mileme, komanso kusintha mababu akale aja, adzabweranso kudzayeza. A Gilibati avomera kudikira.

Ndikudziwa mukufuna zithe msanga kuti amayi asamukire ku Likuni, pafupi ndi chipatala. Ndikupempha masabata atatu okha. Sindikufuna nyumba ya ababa ipite kwa eni atsopano ndi pepala loinyoza chifukwa cha ine.

Dzulo ndinapita kunyumbako ndi amayi, ndinakwera pampando n'kuboola bowo limodzi ndekha ndi hamala. Kamphepo kanalowa mpaka katani inagwedezeka. Kenaka amayi anati ndiboolenso lina iwo asanachoke.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa mwana wathu Umi. Allah akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Rabia