Za Nyemba Zija

Okondedwa achemwali anga, Manang Perlita,

Ndikhulupirira muli bwino kwathu ku Vigan, ndipo bondo lija lasiya kukuvutani. Kuno ku Stockton, ku America, tilipo. Nsomba zouma zija zinafika, zikomo.

Mwana wanga Dindo akufunsira malo kuyunivesite. Kumeneko amafuna kuti aliyense alembe nkhani ya moyo wake. Iye walemba za vuto limene adokotala anamupeza nalo chaka chatha, loti maganizo ake sakhazikika pa chinthu chimodzi. Sunali ulesi, Manang.

Ndinamuuza kuti afufute zimenezo, a kuyunivesite angamukane. Anangondifunsa ine mayi wake kuti, "Nanay, mwawerenga mpaka kumapeto?"

Ndinawerenga. Wayamba ndi tsiku lija ndinamugwaditsa pa nyemba za monggo chifukwa choiwala homuweki, monga ankatichitira amayi. Anali ndi zaka seveni, tisanasamuke. Akuti ankawerenga nyembazo kuti asalire, koma ankangosokoneza n'kuyambiranso. Sanandinyoze paliponse. Bola akanandinyoza.

Ndikumuuzabe kuti ndikuopa a kuyunivesite. Koma inu mumandidziwa.

Munali pakhomo tsiku limenelo, Manang. Kodi anagwada nthawi yaitali bwanji? Ine ndimakumbukira mphindi zochepa chabe.

Ndine mng'ono wanu,
Luzviminda