Zala za Bambo Zikuonabe

Seoul,
12 Novembala 1983

Okondedwa Achimwene Dong-pil,

Kalata yanu tinailandira. Mukuti bambo atseke kashopu kawo ka ku Sewoon akapume kumudzi kwa azakhali. Nditawawerengera anafunsa ngati dzuwa la ku Saudi kumene mukumanga misewuko lakuwotcherani ndi nzeru zomwe.

Achimwene, chonde asiyeni. N'zoona kuti mawailesi okonzetsa achepa, koma kwabwera timakompyuta tolumikiza ku wailesi yakanema. Mutatsegula chivundikiro chake mungaseke. Muli kabolodi kamodzi kobiriwira, ndi tizipangizo takuda tondandalika m'mizere ngati mbande. Kalikonse kamazuka ndi dzanja. Kakafa mumagula kena pashopu ya pansi, n'kusomeka, nkhani yatha.

Sabata yatha mayi Pyo, mphunzitsi, anabweretsa kompyuta yawo itasiya kuonetsa kanthu. Bambo anaiyatsa n'kuyamba kuyendetsa chala pa tizipangizo tija, kamodzikamodzi. Chapakati anachotsa chala msanga.

"Kamwana aka katentha thupi," anatero. "Kyung-ja, tsika ukagule kanzake."

Itayamba kugwira ntchito, mayi aja anafunsa kuti aona bwanji popanda ndi magalasi omwe. Bambo Chu, ogulitsa mabatire pafupi nafe, analowererapo: "Mayi, mdala ameneyu ngakhale mkazi wake anachita kumusankha mopapasa." Onse anafa ndi phwete, bambo athu n'kumadzigunda pachifuwa. Ine ndinatuluka panja, chifukwa misozi inali italengeza.

Mwina mwadabwapo kuti bwanji makalata anu ndimachita kuwawerengera ndine. Bambo anandiletsa kukuuzani, koma ndalephera kusunga chinsinsi. Maso awo akutha, achimwene. Adokotala akuti ng'ala yake si yochotseka. Timawaya ta wailesi sakutionanso, ndipo makina okhawa ndi amene akumverabe zala zawo. M'mawa uliwonse amavala jekete lawo n'kundikuwira kuti ndikuwachedwetsa. Nanga kumudzi akadzukira chiyani? Ndikuopa kuti tikawachotsa pamenepa sitikhala nawo nthawi yaitali.

Amayi akupereka moni. Ali kalikiliki kuyika m'mitsuko kimchi, kabichi wathu wowawasa uja, wa nyengo yozizira, ndipo mtsuko wanu aupatula kale. Chithunzi munatumiza chija bambo achipachika m'shopu, ndipo aliyense wolowa amamuuza kuti taonani mwana wanga mmene wanenepera. Inu mwaonda kwambiri, koma palibe amene wawatsutsa.

Ulendo uno musatumize chithunzi. Jambulani mawu anu pakaseti.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Kyung-ja