Tambala Wochokera kwa Anamfedwa

Old Town, Lilongwe
18 Ogasiti 1975

Okondedwa achemwali a Evelesi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Zombako. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tilipo, kungoti fumbi la mzinda womangidwa kumenewu latikwana. Mlamu wanu Naphiri akutsokomola, ine ndiye msana.

Ndisazungulire, achemwali. Mwana wanu Paxton, amene munandipatsa m'manja pomwe tinkasamuka, wachoka pakhomo panga. Ino ndi sabata yachiwiri. Kuntchito yake yomanga maofesi ku City Centre akupita, koma akugona kwa mnzake. Tikakumana kumsika amangondipatsa moni ngati mlendo.

Mukundidziwa. Kampani inandilemba kuti ndiziphunzitsa timu yake ya mpira, ndipo lamulo langa ndi limodzi: wojomba ku pulakatisi sasewera. Ndakhala ndikuwauza anyamata kuti chikho chimabwera ndi thukuta, ndipo mtsogoleri ndi amene amafika pabwalo anzake onse asanafike. Paxton ankatero, n'chifukwa chake ndinamupatsa ukaputeni. Sichinali chibale ayi.

Kutatsala masiku atatu kuti tisewere fainolo, bambo ake a Ackson anamwalira. Ackson ndi goloboyi wathu, amasamala maluwa panyumba ina ku Area 11. Ine ndinalamula kuti apite yekha, enafe tidzapepesa mpira ukatha. Madzulo ake ndinafika pabwalo n'kupeza anthu anayi basi. Paxton anali atatenga anzake asanu ndi awiri kupita kumaliro.

Atabwerako ndinamulalatira pamaso pa onse. Ndinati wandichititsa manyazi, ndinamuvula jezi, ukaputeni n'kupatsa wina. Iye anangoti wamva, n'kunyamula nsapato zake. Fainoloyo tinagonja zigoli zitatu kwa duu. Zimenezo sizikundiwawa, ndagonjapo kambirimbiri.

Dzulo masana amayi ake a Ackson anabwera kwathu, wapansi kuchokera kumudzi, tambala ali m'khwapa. Anafotokoza kuti mudzi wawo ndi umodzi mwa ija inasamutsidwa kuti mzinda umangidwe. Amuna ambiri anabalalika, moti okumba manda anasowa. Anyamata athuwa ndiwo anagwira makasu, ndiwonso ananyamula bokosi.

Kenako anati Paxton anauza anamfedwa kuti iwo atumidwa ndi akochi, amene akanabwera okha koma ntchito yawapanikiza. Mayiwo anagwada pakhonde panga n'kundithokoza mpaka misozi, ati munthu wa mtima ngati wanga sanamuonepo m'tauni muno.

Tambalayo ndinamulandira ndi manja awiri, achemwali. Zoona sindinawauze. Naphiri anangondiyang'ana n'kulowa m'nyumba.

Ndatopa. Zaka makumi awiri ndikukalipira ana a eni pabwalo, mluzu uli kukamwa, kuwaphunzitsa za utsogoleri. Lero mphwanga amene ndinamuvula jezi ndiye wandibisira manyazi kumudzi kwa anthu. Ndikuchita manyazi kwambiri, ndipo ndamusowa mwanayu.

Ndapita kawiri kumene akugona. Mnzakeyo amati kulibe, chonsecho njinga yake ili pakhomo. Inu amakumverani. Chonde mulembereni, kalatayo ipite kuntchito kwake. Musamukalipire. Mungomuuza kuti amalume ake avomera kuti analakwa, ndipo popeza ndinamunyoza pagulu, ndidzapepesanso pagulu, pabwalo pomwe paja. Za ukaputeni asankha yekha. Ine ndikungofuna abwere kunyumba.

Tambala uja ndamumangirira kuseri kwa khitchini. Naphiri wafunsa ngati aphike, ndakana. Si wanga, adikire mwini wake.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa azakhali a Margret ngati akundikumbukirabe. Ambuye akusungeni ndipo achize mwendowo.

Ndine mlongo wanu wolakwa,
Nebert